Mmene mungaphunzirire mipando ndi ziwiya zakale za ku America musanayambe kuzigula

M'chaka cha 1970, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Henry Ford Museum, yomwe ili mumzinda wa Dearborn m'chigawo cha Michigan, inalipira madola 9,000 pogula mpando umene akatswiri ake ankakhulupirira kuti unapangidwa m'zaka za m'ma 1600, nthawi ya Angelezi oyamba kukhazikika ku New England, dera la kumpoto chakum'mawa kwa America. Mu 1977 zinaululika kuti mpandowo unapangidwa mu 1969 ndi Armand LaMontagne, mmisiri wosema wa ku Rhode Island, amene anagwiritsa ntchito matabwa aawisi n'cholinga choti akamauma apindike ndi kung'aluka ngati akalekale. Atauunika ndi X-ray, anapeza kuti mabowo olumikizira timitengo take anabooledwa ndi choboolera chamakono chosongoka kunsonga, pamene amisiri a m'ma 1600 ankaboola ndi chitsulo chonga supuni, chomwe chimasiya pansi pa bowo pali pozungulira. Mpandowo akuusungabe mpaka pano ngati chophunzitsira. Nkhaniyi ndaiika patsogolo chifukwa ikusonyeza dongosolo limene munthu wofuna kusonkhanitsa zinthu zoterezi ayenera kutsata: matabwa, misomali ndi zipsera za zida zifunsidwe poyamba, ndipo mbiri imene wogulitsa akufotokoza imvedwe pomalizira.

Musanagwire chinthu chilichonse, dziwani kaye mmene chidwi chosonkhanitsa zinthu zakale chinayambira ku America, pakuti mbiri imeneyi ndi imene imafotokoza misampha yambiri imene mungagweremo. Chionetsero chachikulu chimene chinachitika ku Philadelphia mu 1876, pokumbukira zaka 100 za ufulu wa dzikolo, chinadzutsa chikondi cha katundu wa makolo a m'nthawi ya atsamunda, ndipo mafakitale anayamba kupanga mipando ndi makabati otengera akale mochuluka zedi. Mu 1891 dokotala wa ku Hartford, Irving W. Lyon, anatulutsa buku loyamba lofufuza mozama mipando ya ku New England, ndipo umboni wake anautenga m'mipando yeniyeniyo ndi m'makalata a makhoti olembamo katundu wa anthu omwalira. Mu 1909 Metropolitan Museum of Art ya ku New York inaonetsa mipando ndi siliva za ku America pa chikondwerero cha Hudson-Fulton, ndipo mu 1924 inatsegula gawo lake lotchedwa American Wing. Mitengo inakwera mofulumira, moti mu 1929 Henry Francis du Pont, munthu wachuma wosonkhanitsa zinthu zakale, anagula kabati yaitali ya ku Philadelphia pa madola 44,000, atapikisana pa okushoni ndi William Randolph Hearst, mwini wa manyuzipepala ambiri. Nyumba ya du Pont ya Winterthur, m'chigawo cha Delaware, inatsegulidwa kwa anthu onse mu 1951, ndipo imasunga zinthu pafupifupi 90,000 zimene zinapangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito ku America pakati pa 1640 ndi 1860. Mu 1952, mogwirizana ndi University of Delaware, kunayamba maphunziro a digiri yachiwiri pa nkhani zimenezi, ndipo ambiri mwa osamalira zinthu zakale m'dzikolo anadutsa kumeneko.

Phindu la mbiri imeneyi kwa wogula ndi ili. Mipando imene mafakitale ndi amisiri anapanga potengera yakale pakati pa 1876 ndi 1930 tsopano nayonso yayandikira kapena yapitirira zaka 100, ndipo yatha m'manja mwa anthu mwachilungamo: miyendo yake yaperepeseka, vanishi wake wada, mafungulo ake anatayika kalekale. Wallace Nutting, amene anasonkhanitsa mipando yambiri ya m'ma 1600 yomwe pano ili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Wadsworth Atheneum ku Hartford, analinso ndi fakitale yopanga mipando yotengera yomweyo, ndipo ina ya mipando yakeyo, chizindikiro chake chitafufutidwa ndi anthu achinyengo, inagulitsidwapo ngati yakale yeniyeni. Choncho kuoneka kokalamba pakokha si umboni wa chilichonse.

Choyamba kuchita ndi kusankha gawo laling'ono. Munthu amene akufuna kudziwa mipando, siliva, galasi, mbiya ndi nsalu za zaka mazana atatu nthawi imodzi amangothera pa mayina basi. Ndi bwino kusankha, mwachitsanzo, mipando ya mtundu wa Windsor, imene miyendo ndi timitengo ta kumsana zimazikidwa m'thabwa lokhalira, kapena masupuni asiliva a mzinda umodzi, kapena mabokosi opaka utoto a Ajeremani a ku Pennsylvania, n'kuona zitsanzo zodalirika zochuluka mpaka maso atazolowera. Zitsanzo zodalirikazo zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale monga Winterthur, American Wing, Museum of Fine Arts ya ku Boston, Yale University Art Gallery, imene inalandira katundu wa Francis P. Garvan mu 1930, Bayou Bend ya Ima Hogg ku Houston, komanso Colonial Williamsburg. Zambiri mwa nyumbazi zinaika zithunzi ndi mafotokozedwe a katundu wake pa intaneti, ndipo Yale ili ndi nkhokwe yapadera ya mipando ya ku Rhode Island. Zithunzi zimathandiza kuphunzira kaumbidwe ka chinthu, koma sizingakuphunzitseni kulemera kwa dirowa kapena mmene thabwa lopalidwa ndi manja limamvekera pansi pa chala. Pa chifukwa chimenechi masiku oonera katundu okushoni isanachitike ndi sukulu yabwino kwambiri, pakuti kumeneko amaloleza kusolola madirowa ndi kugadabuza mipando, zimene nyumba zosungiramo zinthu zakale sizingalole.

Mayina a masitayilo aphunzireni mwachangu, koma musawapatse ulemu woposa umene akuyenera. Mwachidule, sitayilo ya William and Mary inafala kuyambira cha m'ma 1690 mpaka 1730, ya Queen Anne, ya miyendo yopindika mosalala, cha m'ma 1725 mpaka 1760, ya Chippendale, yodzala ndi zosemasema, cha m'ma 1750 mpaka 1790, ya Federal, yowongoka ndi yokongoletsedwa ndi timatabwa topyapyala tamitundu, cha m'ma 1790 mpaka 1820, ndipo ya Empire inatsatira mpaka cha m'ma 1840. Mayina ambiriwa anaperekedwa ndi osonkhanitsa a m'mbuyo muno, osati amisiri eni ake, ndipo Mfumukazi Anne anali atamwalira kale mu 1714 sitayilo yotchedwa dzina lake isanafike ku America. Amisiri a m'midzi ankapitiriza sitayilo yakale kwa zaka makumi angapo anzawo a m'mizinda ataisiya. Sitayilo imangokuuzani chaka chimene chinthu sichikanapangidwa chisanafike, koma sikuuzani chaka chimene chinapangidwa.

Chofunika kwambiri kuposa sitayilo ndi kudziwa chizolowezi cha dera lililonse, chifukwa mmisiri ankaphunzira ntchito kwa bwana wake kwa zaka zambiri, ndipo kalumikizidwe kamene anaphunzira ali mnyamata ankakabwereza moyo wake wonse, makamaka m'malo obisika amene wogula sankayang'anako. Ku Newport, mzinda wa ku Rhode Island, mabanja a Townsend ndi Goddard ankadziwika ndi makabati amene kutsogolo kwake kumatukuka ndi kulowa m'magawo atatu, pamwamba pake atasemapo zigoba za nkhono za m'nyanja. Desiki yamtundu umenewu, imene inali ya banja la Nicholas Brown, inagulitsidwa m'nyumba ya okushoni ya Christie's mu 1989 pa madola 12.1 miliyoni. Ku Philadelphia ankakonda makabati aatali osemedwa masamba ndi maluwa, ndipo pa mipando yawo yambiri nsonga za matabwa a m'mbali zimatulukira kumbuyo kwa miyendo yakumbuyo, moti mungazione mutangoyang'ana mpando chakumbuyo. Ku Boston kunali makabati otupa m'munsi ngati mphika, ndipo ku New York, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, kunatchuka amisiri Duncan Phyfe ndi Charles-Honoré Lannuier.

Mukafika pa chinthu chenichenicho, yambani mwaima patali ndipo muchiyang'ane chonse kwa kanthawi osachigwira. Funsani ngati msinkhu wake ukugwirizana ndi m'lifupi mwake, ngati miyendo ikuoneka yaifupi kuposa mmene thupi likufunira, ndiponso ngati chapamwamba ndi chapansi zikuoneka kuti zinaganizidwa ndi mutu umodzi. Wamalonda Albert Sack anatchukitsa mu 1950 njira yoika zithunzi za mipando yofanana pamodzi n'kuzisanja kuti yabwino, yabwinopo ndi yabwino koposa. Njira imeneyi imanola maso ndithu, ngakhale kuti, m'kuona kwanga, inazoloweretsa anthu kupeputsa ntchito ya amisiri a m'midzi chifukwa choti sinkafanana ndi ya m'mizinda ikuluikulu.

Kenako sololani madirowa onse, gadabuzani chinthucho pa bulangete, ndipo mukhale ndi tochi. Apa ndi pamene muyenera kutherapo nthawi yaitali. Matabwa akunja, monga mahogany amene ankachokera ku zilumba za Caribbean ndi ku Honduras, kumene ankadulidwa ndi akapolo, sangakuuzeni kumene chinthu chinapangidwira, chifukwa amisiri a ku London, ku Boston ndi ku Charleston onse ankagula matabwa omwewo. Amene amaulula ndi matabwa otchipa a m'kati, a pansi pa madirowa ndi a kumsana, popeza mmisiri ankatenga mtengo umene unkapezeka pafupi. Ku New England mudzapeza paini woyera, ku Newport kawirikawiri chestnut, ku Philadelphia tulip poplar pamodzi ndi white cedar, kummwera paini wachikasu, ndipo ku Charleston cypress. Mipando ya ku England nthawi zambiri imakhala ndi oak kapena paini wa ku Ulaya m'kati mwake. Kusiyanitsa mitengo ina ndi maso okha n'kovuta ngakhale kwa akatswiri, n'chifukwa chake pa chinthu chodula amachotsa kachibanthu kakang'ono n'kukaunika pa maikulosikopu.

Yendetsani chala pansi pa dirowa. Thabwa lopalidwa ndi puleni ya manja limakhala ndi timizere totukuka ndi tolowa timene tochi yowalitsidwa cham'mbali imaonetsa bwino. Zipsera za sowo ya manja zimakhala zowongoka koma zosatalikirana mofanana, pamene zipsera zopindika ngati uta zimachokera ku sowo yozungulira ya makina, imene inafala m'zaka za m'ma 1800 zitayamba kale, choncho siziyenera kupezeka pa kabati ya mu 1760. Mano olumanitsa makona a dirowa, aja amatambasuka ngati mchira wa nkhunda, akakhala odulidwa ndi manja amasiyana pang'ono kukula kwake, ndipo pambali pake pamaoneka kamzere kamene mmisiri analemba ndi chitsulo asanadule. Yerekezerani mano a madirowa onse: ngati dirowa imodzi kapena gulu limodzi lili ndi kadulidwe kosiyana, ndiye kuti panadutsa manja awiri.

Misomali nayo ili ndi zaka zake. Misomali yosulidwa ndi manja, ya mitu yophwanyidwa mosalingana, ndiyo inalipo mpaka cha m'ma 1790, pamene misomali yodulidwa ndi makina kuchokera ku chitsulo chophwatalala inayamba kulowa m'malo mwake, ndipo misomali yawaya yozungulira imene tikuidziwa lero inafala cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Masikuluwu akale asanafike cha m'ma 1846 anali osasongoka kunsonga, ndipo mpata wa pamutu pake nthawi zambiri sukhala pakati penipeni. Komabe msomali wakale ungathe kuzulidwa kwina n'kukhomedwa mu thabwa latsopano, choncho yang'anani ngati thabwa lozungulira msomaliwo lada ndi dzimbiri lolowerera m'kati. Msomali wakale wokhala mu thabwa loyera mbee ndi mlendo pamenepo.

Pali maumboni awiri amene ndi ovuta kunamizira, kufota kwa matabwa ndi mtundu umene mpweya umapereka ku thabwa losapakidwa kanthu. Thabwa limafota m'lifupi mwake, osati m'litali, kotero kuti tebulo lozungulira la zaka 250 mukaliyeza ndi tepi limapezeka lofupikirako pang'ono mbali imodzi, ndipo mwendo wozungulira umakhala utasiya kuzungulira bwinobwino. Za mtundu, msana wa kabati umene wakhala ukukhudzana ndi mpweya ndi utsi umada kwambiri, m'kati motsekedwa mumakhala mowalirako, ndipo pamene matabwa awiri akhala atagundana pamatsala chithunzi chowala cha thabwa linzake. Mukaona chithunzi choterocho popanda thabwa limene linachisiya, dziwani kuti china chinachotsedwa kapena kusunthidwa. Mukaona utoto wodetsa utapakidwa pansi pa dirowa kapena kumsana, dzifunseni chifukwa chake, pakuti mmisiri wa m'ma 1700 analibe chifukwa chotayira utoto pamalo amene munthu saona, pamene wobisa thabwa latsopano ali nacho.

Zinthu zabodza kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati mpando wa ku Dearborn uja, si zimene mudzakumana nazo kawirikawiri. Zofala ndi zinthu zakale zenizeni zimene zinasinthidwa. Makabati a magawo awiri ankagawanika pogawana chuma cha masiye, wina n'kutenga chapamwamba wina chapansi, ndipo patapita zaka amalonda ankafunafuna magawo olingana n'kuwakwatitsa, monga mmene iwo eni amanenera. Ukwati woterowo umadziwika poyerekeza matabwa a kumsana, mano a madirowa ndi mabowo a zogwirira m'magawo awiriwo. Miyendo imene inawola chifukwa cha chinyezi inkasinthidwa, makabati aatali ankadulidwa kuti alowe m'zipinda zazifupi, ndipo tebulo losasemedwa linkapatsidwa zosema m'zaka za m'ma 1900 kuti likwere mtengo, zimene zimadziwika chifukwa zosemazo zimalowa m'kati mwa thupi la mwendo m'malo motukuka pamwamba pake. Yang'anani kuseri kwa nkhope ya dirowa: mabowo owonjezera akusonyeza kuti zogwirira zamkuwa zinasinthidwapo. Kukonzedwa pakokha si mlandu, chifukwa chinthu chimene chatumikira mibadwo isanu ndi itatu sichingakhale chopanda bala, koma mtengo uyenera kutsika molingana ndi zimene zinasinthidwa. Osonkhanitsa a ku America amalemekezanso kwambiri vanishi kapena utoto woyambirira, ngakhale utada ndi kung'ambikang'ambika, moti kupala ndi kupakanso kungachepetse mtengo wa chinthu kwambiri. Musayeretse chilichonse musanafunse katswiri wosamalira zinthu zakale.

Pa siliva nkhani yake ndi yosiyanako. Ku England kunali maofesi oyesa siliva amene ankadinda zizindikiro za mzinda ndi chaka, koma ku America kunalibe dongosolo lotero, kupatula ku Baltimore pakati pa 1814 ndi 1830. Chimene mumapeza ndi chizindikiro cha wosula yekha, zilembo zoyamba za dzina lake kapena dzina lonse, kuyambira kwa John Hull ndi Robert Sanderson a ku Boston, amene anayambanso kusula ndalama za Massachusetts mu 1652, mpaka kwa Myer Myers wa ku New York ndi Paul Revere. Popeza dzina la Revere limakweza mtengo, chizindikiro chake chanamiziridwa kambirimbiri, choncho chiyerekezereni ndi zithunzi zokulitsidwa za zizindikiro zotsimikizika. Pemererani mpweya wa m'kamwa pa chiwiyacho kuti mizere ya zowotcherera ioneke, ndipo dinani pang'ono ndi chala m'mbali mwake, chifukwa pamene panafufutidwa dzina la mwini wakale pamakhala popyapyala. Mawu oti coin amatanthauza siliva wa magawo pafupifupi 900 pa 1,000, pamene sterling ndi magawo 925, ndipo mawu achiwiriwa anafala pa siliva wa ku America kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1800. Pa galasi khalani wokayikira kwambiri mukamva mayina a Wistar kapena Stiegel, eni mafakitale a galasi a ku America a m'ma 1700, chifukwa zinthu zotsimikizika za mafakitale amenewo n'zochepa, ndipo zambiri zimene kale zinkatchedwa choncho zinapezeka kuti zinachokera ku Ulaya.

Tsopano mungathe kumva mbiri ya chinthucho ndi kuona mapepala ake. Mbiri yapakamwa ya banja imasunga zoona zina, koma imakonda kukankhira zaka m'mbuyo ndi kulumikiza chinthu kwa kholo lotchuka kwambiri. Umboni wolimba ndi lisiti ya mmisiri, chikalata chake chomatidwa m'kati mwa dirowa, buku lake la maakaunti, monga la Thomas Elfe wa ku Charleston, wilo, kapena mndandanda wa katundu wa womwalira umene khoti linalemba. Ngakhale chikalata chomatidwacho chiyang'anitsitseni, chifukwa thabwa la pansi pake liyenera kukhala lowala kuposa lozungulira ngati chakhalapo kuyambira pachiyambi. Pa makatalogu a okushoni werengani mawu mosamala: kunena kuti chinthu chinapangidwa ndi uje n'kosiyana ndi kunena kuti akuchiganizira kuti ndi cha uje, ndipo n'kosiyananso kwambiri ndi kunena kuti chili m'sitayilo ya uje.

Kumbukiraninso kuti mabuku akale a nkhani imeneyi anali ndi tsankho lawo. Mu 1949, pa msonkhano wa osonkhanitsa zinthu zakale ku Williamsburg, katswiri Joseph Downs ananena kuti kummwera kwa Baltimore sikunapangidwe zinthu zambiri zaluso. Mawu amenewa anakwiyitsa anthu a kummwera, ndipo kafukufuku amene anatsatira anafikitsa pa kutsegulidwa kwa Museum of Early Southern Decorative Arts ku Winston-Salem mu 1965, imene Frank Horton anayambitsa pamodzi ndi mayi ake. Ofufuza ake anayenda nyumba ndi nyumba kujambula katundu, ndipo anawerenga manyuzipepala ndi makalata a makhoti kuti apeze mayina a amisiri, kuphatikizapo akapolo amene ntchito yawo inkagulitsidwa m'dzina la ambuye awo. Lero mitsuko ya David Drake, kapolo woumba mbiya wa ku Edgefield ku South Carolina, amene ankalemba dzina lake, tsiku ndi ndakatulo zazifupi pa dongo lisanawotchedwe, ili m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo zinthu zakale, chimodzimodzinso mipando ya Thomas Day, mmisiri wakuda amene anali mfulu ku Milton ku North Carolina. Wophunzira watsopano angapeze malo ambiri osalimidwa m'magawo oterewa kusiyana ndi ku Newport kapena ku Philadelphia, kumene pafupifupi kabati iliyonse yofunika inalembedwa kale.

Pofika pogula, pemphani lipoti lolembedwa la mmene chinthucho chilili, lotchula chilichonse chimene chinakonzedwa kapena kusinthidwa. Pa okushoni mtengo umene nyundo yagwera si umene mudzalipire, chifukwa nyumba zogulitsa zimawonjezerapo gawo lawo, limene m'nyumba zikuluzikulu limafika pa kota ya mtengowo kapena kupitirira pa zinthu zotsikirapo mtengo, kenako msonkho wa chigawo ndi ndalama zonyamulira. Kwa wamalonda, lisiti ilembe dera, zaka, mitengo ya matabwa ndi zokonzedwa zonse, komanso lonjezo lobweza ndalama ngati mafotokozedwewo atapezeka olakwika. Samalani ndi malamulo a zachilengedwe: kuyambira mu 2016 boma la America linaletsa pafupifupi malonda onse a minyanga ya njovu za ku Africa, kupatula zinthu zochepa zimene zili ndi umboni wokwanira wa ukale wake, ndipo zigawo zina monga New York ndi California zili ndi malamulo okhwima kuposa pamenepo. Kachidutswa kakang'ono ka mnyanga pa bowo la kiyi kapena pa chogwirira cha tiipoti kangalepheretse chinthu kutuluka m'dziko. Mitengo ya mipando yakale yapakatikati yatsika kwambiri poyerekeza ndi mmene inalili m'zaka za m'ma 1990, zimene zili zabwino kwa wophunzira koma zoipa kwa amene akugula poyembekezera phindu.

Chinthucho chikafika pakhomo, chiikeni kutali ndi dzuwa lolowa pawindo ndi zotenthetsera nyumba, chifukwa kusinthasintha kwa chinyezi ndi kumene kumang'amba matabwa ndi kumatula timatabwa topyapyala tokongoletsa. Ponyamula mpando gwirani pansi pokhalira, osati m'manja mwake kapena pamwamba pa msana wake. Kachidutswa kalikonse kamene kagwa kaikeni mu envulopu yolembedwa tsiku ndi malo amene kachokera, ndipo envulopuyo muisunge pamodzi ndi lisiti, zithunzi za pansi ndi za kumsana, ndi miyezo imene munatenga pa tsiku loyamba.